Kodi ndalama zachitsulo zakale zothimbirira ndizitsuke ndisanazionetse kwa odziwa mtengo wake?

Wofunsa:
Akuluakulu nonse a pagulu lino, ndikupempha nzeru zanu. Ndayamba kusonkhanitsa ndalama zachitsulo zakale, ndipo zambiri mwa zimene ndili nazo ndi za ku Britain: masheleni a m'nthawi ya Mfumu George V ndi Mfumu George VI, komanso mapeni akuluakulu amkuwa. Masheleni ena anachita kuda bii, pomwe mapeni ena ali ndi timadontho tobiriwira. Kodi ndi bwino kuti ndizitsuke kuti ziwale? Chinanso, odziwa amayang'ana chiyani kuti anene kuti ndalama iyi yasungika bwino kuposa inzake, pamene zonse ndi zakale?

Woyankha woyamba:
Bambo, chonde musazikweche ndi china chilichonse. Kuthimbirira kumene mukukuonako kumabwera pang'onopang'ono pamene siliva akukumana ndi mpweya kwa zaka zambiri, ndipo osonkhanitsa ndalama amakulemekeza chifukwa ndi umboni wakuti ndalamayo sinakhudzidwe. Mukaikwecha, ngakhale ndi kansalu kofewa, mumasiya timizere ting'onoting'ono timene timaoneka bwino pagalasi lokulitsa zinthu, ndipo mtengo wake umatsika kwambiri mwa njira yoti simungaubwezeretsenso. Poigwira, gwirani m'mphepete, chifukwa thukuta la zala limasiya zidindo zosachoka.

Woyankha wachiwiri:
Pa funso lachiwirilo, chimene chimayang'anidwa ndi kuperepeseka kwa malo otumphuka, chifukwa ndiwo amayamba kutha ndalama ikamayenda m'manja mwa anthu. Pa masheleni anuwo onani tsitsi la mfumu, khutu lake, ndi ndevu ngati ndi George V. Ngati timizere ta tsitsi tikuonekabe patokhapatokha, ndalamayo sinayende kwambiri, koma ngati mutu wasalala n'kutsala chithunzithunzi chabe, ili pamlingo wotsika. Onaninso ngati m'mphepete muli mabala kapena ngati inabooledwapo. Ambiri amatsata muyeso umene William Sheldon, katswiri wa ndalama zakale wa ku America, anaukonza mu 1949, woyambira pa 1 kulekeza pa 70. Kuyambira pa 60 ndi ndalama zimene sizinagwiritsidwepo ntchito pogula zinthu. Mabungwe monga PCGS ndi NGC amayeza ndalama pa muyeso womwewu n'kuitsekera m'kabokosi, koma amalipiritsa, choncho ndi ndalama yosowa yokha imene ikuyenera kutumizidwa kumeneko.

Woyankha wachitatu:
Ndionjezepo kuti ukale pawokha sukweza mtengo. Ndalama zambiri zamkuwa za Aroma, zimene zatha zaka zoposa 1,600, n'zotsika mtengo chifukwa zinasulidwa zochuluka zedi. Chimene chimakweza mtengo ndi kusowa kwa ndalamayo, kusungika bwino kwake, ndi kuchuluka kwa anthu amene akuifuna. Werengani chaka pa sheleni iliyonse. Mpaka 1919 masheleni ankakhala ndi siliva wokwana 92.5 peresenti, kuyambira 1920 mpaka 1946 silivayo anatsitsidwa kufika pa 50 peresenti, ndipo kuyambira 1947 mulibemo siliva ngakhale pang'ono. Pa mapeni a 1912, 1918 ndi 1919, yang'anani pafupi ndi chaka ngati pali kachilembo H, ndipo pa a 1918 ndi 1919 ngati pali KN. Zilembozi zikusonyeza kuti ndalamayo sinasulidwe ku Royal Mint, komwe boma la Britain limasulira ndalama zake, koma ku mafakitale ena a mumzinda wa Birmingham, ndipo a KN ndi osowa kwambiri.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse, sindizitsuka. Nanga timadontho tobiriwira tija ndingotisiya?

Woyankha woyamba:
Timeneto nto tofunika kusamala, bambo, chifukwa ndi chizindikiro chakuti mkuwa ukudyeka ndi chinyezi, ndipo kudyekako kumapitirira. Mapeni amenewo muwapatule pa anzake ndipo muwaike pouma, iliyonse m'kathumba kake. Pewani timatumba ta pulasitiki yofewa ya PVC, popeza pakapita nthawi imatulutsa zonanda zobiriwira zimene zimaononga chitsulo. Ngati pakati pa mapeniwo mwapezeka ya KN, ijambuleni mbali zonse ziwiri pamalo owala ndipo muike zithunzizo pano kuti tikuthandizeni kuiyeza.