Tsitsi lambiri komanso lolimba, ndilidule kapena ndiike rilakisa?

Nachisale_BT:
Abale ndithandizeni maganizo. Tsitsi langa ndi la nachuro, lambiri zedi moti chipeso chikalowa chimatuluka mano ena atatsala momwemo, ndipo ku saluni akangoona ndavula duku amayamba kukweza mtengo ati mutu wanuwu ndi wa anthu awiri. Ndikachapa m'mawa limafika madzulo mkati musanaume, ndiye ndi kutentha kwa Okutobalaku ndatopa nalo. Ndiike rilakisa (mankhwala owongola tsitsi aja), ndidule, kapena pali njira ina? Mpala ayi chonde, mutu wanga ndikuudziwa ndekha kkkk

MaiAwiri:
Achemwali musathamangire rilakisa. Funso langa ndi loti mumalipesa lili louma kapena lonyowa? Chifukwa tsitsi ngati lanulo silipesedwa louma olo pang'ono, ndi pomwe limaduka ndi kuthyola zipeso. Ligaweni kaye zigawo 6 kapena 8, chigawo chilichonse muchipote nkumanga, ndiye muzichapa chimodzichimodzi osamasula zonse nthawi imodzi. Shampu ipite pakhungu osati kumangopukusa tsitsi lonse ngati mukuchapa bulangete. Mukatsukuluza pakani kondishona wambiri, muyambe kumasula mfundo ndi zala, kenako chipeso cha mano otalikirana chija, kuyambira kunsonga kutsikira kumizu. Anthu ambiri amayambira kumizu nkumakoka ndiye misozi mbwee. Mukatha chigawo chipoteninso musanapite china, mukachisiya chimakakolananso.

Mafuta muzipaka tsitsi likadali lonyowerako, mafuta paokha safewetsa, ntchito yake ndi kutsekera madzi kuti asathawe msanga. A nsatsi ndi olemera, pang'ono pokha akwana, a kokonati ndi opepukirako. Ndipo sopo wochapira zovala uja musiyeni, makamaka ngati madzi anu ndi a pamjigo amchere aja, tsitsi limauma gwaa.

Ankolo_Shaver:
Ine ndimameta anthu, azimayinso amabwera ambiri masiku ano. Ngati mwatsimikiza zodula, uzani wometayo achepetse m'mbali ndi kumbuyo, pamwamba asiye lalitali, imene timati tepa kati. Kutentha kumachepa pompo ndipo kuchapa ndi mphindi zochepa. Koma tsitsi lopotana limafupika likanyowa, lina mpaka kupitirira theka, ndiye wometa amene sakulidziwa akhoza kudula lambiri osazindikira, kapena mbali ina kutalika ina kufupika mukakachapa kunyumba. Bwerani nalo louma komanso lowongoledwa. Sizasi ya manomano yopungulira tsitsi ija musalole, inapangidwira tsitsi loterera, pa lathuli imangosiya timatsitsi tatifupi mkati tomwe timakolana ndi linzake. Chinanso, muone kuti makina apukutidwa ndi spiriti musanakhale pampando, zipere zimayenda pa makina omwewa.

Mwali_wa_ku_Joni:
Ine ndiye ndili ndi rilakisa ndipo sindikudandaula, tisamaopsezane ngati ndi tchimo. Kungoti ili ndi malamulo ake. Muli mankhwala amphamvu, ina ndi ya sodium hydroxide, ndipo ngakhale zolembedwa no-lye zija, zomwe mulibe sodium hydroxide, zimawotcha ndithu zikakhalitsa pamutu. Vuto la tsitsi lambiri ndi loti wopakayo akamafika chigawo chomaliza choyamba chija chapsa kale, ndiye pamafunika munthu wa manja achangu, apake Vaseline m'mbali ndi m'makutu, ndipo musakande m'mutu masiku oyandikira. Zoti "pirirani pang'ono igwire" mukumva kuwotcha, kanani, atsuke basi. Ritachi, kutanthauza kuikanso rilakisa, ndi pa tsitsi lomera kumene lokha, patadutsa masabata 8 kapena kuposa, tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi ndiye mukafulumira mukungobwereza mankhwala pa lakale lomwe. Dziwaninso kuti mukaika mwaika, kubwerera ku nachuro ndi kudikira limere lina nkudula lowongokalo.

MaiAwiri:
Zoumitsa zija ndinaiwala. Mangani ndi ulusi momwe ankatimangira agogo, wakuda uja, zigawo zikuluzikulu, mugone nalo mutavala duku la satini. Limauma litawongoka bwinobwino popanda dulaya, magetsi azime asazime. Mukafuna kupuma lukitsani, koma mesh asakuikireni yambiri, tsitsi lanu ndi lolemera kale, ndipo akakoka mpaka timatuza pachipumi masulani tsiku lomwelo, ndi momwe anthu amathera tsitsi la kutsogolo ndipo nthawi zina silimeranso. Zoluka zisapitirire masabata 6 mpaka 8.

Nachisale_BT:
Zikomo nonse. Ndiyamba ndi zogawa ndi ulusizo weekend ino, zikakanika Ankolo mundiona pa tepa kati. Koma MaiAwiri, ulusiwo ndimange tsitsi lili lonyowa chonchi kapena liyambe lauma pang'ono?

MaiAwiri:
Lifinyeni kaye ndi tisheti yakale mpaka lisiye kudontha, pakani mafuta, kenako mangani. Mukamanga lili chonyowa kwambiri mkati simuuma ndipo limayamba kafungo. Kumizu musamange mothina, chala chizitha kulowa.