Wattpad Premium ndilipire kapena ndingosiya?

Tadala: Anzanga ndithandizeni maganizo. Ma ads a pa Wattpad, app yowerengerapo ndi kulembapo nkhani ija, andikwana, nkhani ikangofika pokoma basi kavidiyo kotsatsa magemu katulukira, bandulo nkumangopita. Ndikufuna ndilipire Premium mwezi uno, alipo anayesapo?

Nangozo: Ine ndinalipirapo miyezi iwiri. Ma ads amachokadi, komanso umasunga nkhani zambiri mufoni zowerenga popanda netiweki, kwathu kuno ku Tsangano zimenezo nzofunika poti netiweki timachita kuikwerera pachulu. Koma kalipiridwe kake ndi kamene kanandigwetsa ulesi, zimadutsa pa Google Play ndiye pamafunika khadi ya kubanki, ine ndinkachita kubwereka ya achimwene a ku Lilongwe, mwezi uliwonse kupepesa. Chigwereni kwacha ndi 44% mu November 2023 muja chilichonse cha madola chimaluma. Ndinasiya.

Mphatso: Tadala iwe kodi umawerenga chani kwenikweni? Si za ma anime ndi anyamata a K-pop zija?

Tadala: Zomwezo kkkk, ndipo ndikulembanso yanga, ndili pa chapter 6

Mphatso: Nde ndalamayo ukagulire mbatatesi pa Lizulu aise. Bwera ku AO3, Archive of Our Own. Kulibe ad ngakhale imodzi, eni ake ndi bungwe losachita bizinesi la Organization for Transformative Works lomwe linayamba mu 2007, amayendera zopereka za owerenga basi, mpaka anapata mphoto ya zolembalemba ya Hugo mu 2019. Chomwe ndimaikondera ine ndi batani la Download, nkhani yonse ngakhale ya ma chapter 80 umaitsitsa kamodzi ngati EPUB kapena PDF, ndi mawu okhaokha ndiye siidya bandulo, ine ndikapita pa boma ndimatsitsa khumi nkubwerera ku Bembeke, magetsi akazima ndili mubulangete ndi kuzizira kwa June kuja ndikungowerenga.

Nangozo: Koma AO3 yo ilibe app, ndipo maonekedwe ake ngati fomu ya kuchipatala

Mphatso: App ilibedi, za pa Play Store zonamizira dzinalo si zawo, ingotsegula pa browser. Maonekedwe ndavomera ngoipa. Koma ma tag ake asisi, umasankha anthu awiri amene ukufuna akondane, utali wa nkhani, yomalizidwa kapena ayi, nkuchotsa zolaula ngati suzifuna. Pa Wattpad umasaka chinthu china nkukubweretsera za mabwana olemera okwatira antchito awo.

A Jere: Ana inu ndiloleni ndilowererepo. Wattpad ndi kampani, inayambira ku Toronto mu 2006, mu 2021 inagulidwa ndi Naver ya ku South Korea pa madola pafupifupi 600 miliyoni, ndiye musadabwe ndi zotsatsazo. Komanso Tadala dziwa kuti Premium wamba satsegula nkhani zonse zogulitsa zija, zambiri zimafunabe ma coins, ndalama za mu app zogula padera. Ndipo nkhani ngati yakoyo yobwereka anthu a m'mafilimu a eni sungaigulitse, ku AO3 ngakhale kupempha ndalama amaletsa.

Tadala: Zikomo aphunzitsi. Koma ine chikundigwira ndi owerenga. Pa Wattpad munthu amakomenta pa ndime iliyonse, wina wa ku Philippines anandilembera kuti walira pa chapter 4, tsiku limenelo nsima sindinadye chifukwa cha chimwemwe. Ku AO3 ndikayambira pati?

Mphatso: Kumeneko kuli ma kudos (ngati ma like) ndi makomenti pansi pa chapter. Kuwerenga sikufuna akaunti, koma kuti uike nkhani umapempha invitation nkudikira masiku angapo. Palibe akukuletsa kuika konse kuwiri.

Nangozo: Makomentiwo ngaulere Tadala, Premium siikuwonjezera owerenga olo mmodzi

Chikondi: Inu nonse mukulemba Chingerezi eti? Ine zanga za Chichewa ndimaika pa Facebook gawo ndi gawo, amayi a pamsika wa Kampepuza amandifunsa pamaso kuti gawo 12 lituluka liti. Kumeneko kwanuko ndani angawerenge?

Tadala: Kkkk Chikondi iwe nkhani yako ndi ina. Chabwino Premium ndaisiya kaye, ndalamayo ndigula bandulo ya mwezi. Mphatso Loweruka tikumane pa depoti undionetse za invitation zo, ubwere ndi power bank yanga ija.

Mphatso: Power bank iti?