Giredi 10: ndiphunzitse bwanji za ukapolo? Ndaganiza za kasewero

NaBanda (Chawama): Aphunzitsi anzanga a History, ndithandizeni nzeru. Lachinayi ndili ndi dabulo piriyodi, mutu wake malonda a akapolo ndi mmene akapolowo ankakhalira. Buku lathu langolemba ndime zochepa, pulojekita tilibe, za magetsi mukuzidziwa kale. Ana akungoloweza zaka, kwa iwo imeneyi ndi nkhani ya ku America basi. Ndaganiza zoti ena akhale ogula, ena ndiwamange chingwe m'khosi. Mukuti bwanji?

aTembo (Matero): Mayi, chingwecho chisiyeni kunyumba. Pa sukulu ina imene ndinkaphunzitsa mnzathu anachita zomwezo. Kalasi inangoseka mpaka belu kulira, ndipo kamnyamata kamene kanamangidwako dzina loti "Kapolo" linakakakamira mpaka kumaliza Giredi 12. Makolo ake anafika kwa ahedi atalusa.

aMwale (Kabwata): Zoona zimenezo. Ine ndimangotenga choko ndi rula ya mita. Jambulani pa simenti bokosi la masentimita 183 m'litali ndi 41 m'lifupi. Amenewo ndiwo malo a mwamuna mmodzi pa chithunzi chotchuka cha sitima ya Brookes ya ku Liverpool, chimene olimbana ndi ukapolo ku Britain anafalitsa. Lamulo la 1788 linailola kunyamula anthu 454, koma m'mbuyomo inkanyamula oposa 600. Musagonekemo mwana ayi. Angozungulira bokosilo, mmodzi ayeze mapewa ake ndi rulayo. Kenako muwauze kuti kuwoloka Atlantic kunkatenga mwezi kapena miyezi iwiri, nthawi zina kuposa, amuna atamangidwa awiriawiri ndi unyolo m'miyendo. Wina akafuna kupita pa ndowa ya chimbudzi, mnzakeyo nayenso adzuke, kupondaponda anzawo mumdima. Kamwazi ndi nthomba zinkapululutsa anthu. Wokana kudya ankamukanula kukamwa ndi chitsulo. Pa anthu pafupifupi 12.5 miliyoni amene anakwezedwa m'sitima, ofika tsidya lija anali cha m'ma 10.7 miliyoni. Musawauze yankho, achotsere okha pa bolodi.

NaBanda: Za choko zandigwira mtima, aMwale. Nanga zoti ndi nkhani ya kutali ndizithetsa bwanji?

aZulu (Chilenje): Yambirani pakhomo, mayi. Afunseni kuti ndani kwawo ndi ku Luangwa. Boma limenelo kale linkatchedwa Feira, moyang'anana ndi Zumbo, ndipo Achikunda, monga a Kanyemba, ankagwira anthu m'zigwa za Luangwa ndi Zambezi. Amene anakhalako ku Ndola akuudziwa mtengo wa mupapa umene unkatchedwa Slave Tree, pomwe amalonda a Chiswahili ankakumanirana. Ife a kum'mawa njira yathu inali ya kunyanja: kwa Jumbe ku Nkhotakota anthu ankawolotsedwa pa zombo, kenako wapansi mpaka ku Kilwa, pa gombe la Tanzania wa lero, goli lili m'khosi, ena atasenza minyanga ya njovu. Wofooka ankaphedwa kapena kusiyidwa panjira. Ambiri ofika ankathera m'minda ya karafuu (zonunkhiritsa chakudya, ma clove) ku Zanzibar ndi Pemba. Msika wa ku Zanzibar unatsekedwa mu 1873, koma Mlozi, wogulitsa akapolo wa ku Karonga, anagonjetsedwa mu 1895, ndipo Lewanika, mfumu ya Alozi, anathetsa ukapolo m'dziko lake mu 1906. Mwana akamva 1906 amayamba kuwerengera agogo a agogo ake. Goli ngati mukufuna alione, dulani nthambi ya mphanda, muiike patebulo, isakhudze khosi la munthu.

Ndipo "America" ameneyo muwakonzere. Brazil yokha inalandira pafupifupi 5 miliyoni, pomwe amene anatsitsidwa mwachindunji kumene lero kuli United States sanafike 400,000.

aTembo: Mukalowa za pakhomo chenjerani ndi zala zolozana. Mukangotchula Ayao kapena Abisa, kalasi yonse imacheukira mwana mmodzi. Nenani poyera kuti mafumu a mitundu yambiri, a Chichewa omwe, anagulitsapo anthu posinthana ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Funso la pa bolodi likhale lakuti ankapindula ndani, ndipo wokana kugula mfuti chinkamuchitikira n'chiyani anzake oyandikana nawo atagula.

aMwale: Koma aZulu, mayeso amafunsa njira ya makona atatu ija, ya Ulaya, Africa ndi America, musawadyere nthawi mayiwa. Ndipo za m'minda ya nzimbe zisatsale: nthawi yodula makina ofinyira ankagwira usana ndi usiku, mwana wobadwa kwa mayi kapolo anali kapolo, banja linkagulitsidwa mobalalika. Mutchulekonso Haiti, kumene akapolo anaukira mu 1791 n'kudzilamulira mu 1804. Ana asatuluke akuganiza kuti anthu aja ankangolira.

aZulu: Mayeso sindikuwakana, achimwene. Ndikuti mwana amene wamva za Feira sangasokonezenso Kilwa ndi Liverpool papepala.

NaBanda: Basi, ndalembanso lesoni pulani. Mphindi 20 zoyamba za kwathu ndi nthambi ija, 35 bokosi la choko ndi Atlantic, zotsalazo nzimbe, Haiti ndi zaka: 1807 Britain kuletsa malondawo, 1888 Brazil kuthetsa ukapolo. Chikusowa ndi mapu aakulu a Africa, athu makoswe anadya gombe lonse la kum'mawa.

aZulu: Ndili nawo. Tikumane pa Kulima Tower Lachitatu tikaweruka, koma Lolemba abwere, a Giredi 11 akuwafuna.