Madzi akundivuta kumwa chichitireni opaleshoni yochepetsa chifu, ndithandizeni

NyaChibavi:
Moni nonse. Lero ndi tsiku la 12 chichitireni opaleshoni ija amati gastric sleeve, ndinakapangira ku India poti shuga ndi BP zinali zitandikwana, mawondo nawo anali atayamba kukana moti kuyenda kuchoka kunyumba kukakwera kabaza ndinkaima kawiri kupuma. Ndafika kuno ku Mzuzu Lachiwiri, mabala akupola bwinobwino ndilibe nawo dandaulo.

Vuto langa ndi madzi abale. Adokotala anati ndisamapelewere malita 1.5 patsiku koma dzulo nditawerenga ndapeza kuti ndamwa kabotolo kamodzi ka 500 ml ndi theka basi. Ndikangomeza zimakhala ngati ndameza mwala, umaima apa pachifuwa kenako kugeya, nthawi zina nseru, ndipo madzi apampope omwe ndamwa moyo wanga wonse pano akundimvekera chitsulochitsulo mkamwa. Ndi kuzizira kwa June kunoku ludzu silikubwera n'komwe, ndimangozindikira dzuwa lapendeka kapu ili pompo.

Chinanso apongozi anga abwera kuchokera ku Nkhata Bay kudzandidwazika, anyamula ufa wa kondowole ndi chigubu cha thobwa, akuti mwana wanga munthu sachira ndi madzi. Ndikuwamvetsa ndi chikondi koma eee. Kodi thobwa ndingamwe? Nanga Sobo wothira madzi ambiri? Amene munadutsamo munkatani?

Anti_a_ku_Katoto:
Achemwali pepani, ine ndinapanga yomweyo ku Johannesburg zaka ziwiri zapitazo ndipo mwala mukunenawo ndikuudziwa, unandiliza ine munthu wamkulu ndili ndi zidzukulu. Kumbukirani kuti anachotsa pafupifupi 80 peresenti ya chifu, chotsalacho ndi kathumba kowonda ngati nthochi, ndiye panopa ndi chotupanso mkati chifukwa cha bala. Inu mukumwabe ndi mkamwa mwakale muja, kudzadza tsaya n'kumeza gwiii. Ndi pamenepo pakuvuta.

Ine chomwe chinandipulumutsa ndi kakapu kamankhwala ka 30 ml. Ndinatchera alamu pafoni mphindi 15 zilizonse, ikalira ndimwe kakapu kamodzi koma osati kamodzin'kamodzi, mwina katatu kanayi, ngati mukulawa mchere mu ndiwo. Werengani nokha, pa ola ndi 120 ml, mukayamba 6 koloko m'mawa pofika 7 madzulo mwadutsa malita 1.5 aja. Ndi tikapu 50, ndinkachita kuponya nyemba imodzi m'mbale kakapu kalikonse kuti ndisasokoneze, ana ankandiseka kuti agogo akusewera bawo okha kkkk. Alamuyo imatopetsa sindinama, amuna anga anafika poti foniyi ndiiponya mu Lunyangwa, koma ukaphonya maola awiri sungabwezerenso chifukwa kumwa ambiri nthawi imodzi sikutheka.

Yesaninso kusintha katenthedwe ka madziwo. Ine ozizira ankandikanikiza, ofunda ankatsika bwino, ndiye ndinkawiritsa m'mawa n'kuthira mu fulasiki, ndi nyengo ino zikuyenderani. Ena amati iwo ndi ozizira kwambiri omwe amatsika, thupi ndi losiyana. Za kukoma chitsulozo ponyanimo kachidutswa ka ndimu kapena tsamba la lemon grass, zimapita zokha pakapita masabata. Mukamamwa khalani tsonga, osamwa chogona, ndipo kapaipi komwera zakumwa kaja kasiyeni kamalowetsa mpweya.

Thobwa ayi mayi. Muli timisere, muli shuga, ndipo likagona limayamba kuwira n'kumatulutsa mpweya, pachilonda chosokedwa kumene sizoyenera. Fanta ndi Coke muiwale kaye. Koma apongoziwo musawabweze manja, apatseni ntchito. Awiritse nkhuku yachikuda kapena chambo, asefe msuziwo pakansalu koyera, uzizire achotse mafuta oyandama pamwamba aja, akutenthetsereni pang'ono. Msuziwo umawerengedwa pa madzi anu atsikulo ndipo iwo mtima ukhala pansi kuti akuphikira wodwala. Anga amayi ndinawatero, mpaka ankachita kundilondera ndi wotchi.

Nesi_wa_Luwinga:
Amayi, ndine namwino koma si ine dokotala wanu, ndiye pepala lomwe anakupatsani potuluka lija ndi lomwe likulamulira. Komabe 750 ml ndi ochepa zedi ndipo kuchepa kwa madzi m'thupi ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu zomwe anthu amabwererera kuchipatala mwezi woyamba. Musadikire ludzu, yang'anani mkodzo. Ukhale woyererako, ukafika pofiira ngati tiyi wopanda mkaka, mukukodza kawiri kokha tsiku lonse, chizungulire mukamadzuka, milomo kuuma, mutu kuwawa, pitani akakuikeni dripi. Si manyazi, botolo limodzi kapena awiri munthu amatsitsimuka.

Chomwe chandidetsa nkhawa ndi shuga ndi BP mwatchulazo. Mukumwabe mankhwala ake mulingo wakale? Pambuyo pa opaleshoni imeneyi shuga amatha kutsika msanga sikelo isanasinthe n'komwe, ndipo ngati pa mankhwala a BP pali okodzetsa aja monga HCT ndiye kuti akukuchotsani timadzi tochepa tomwe mukuvutikira kumwato. Osasiya nokha, koma funsani lero lomwe ndipo muziyeza shuga pafupipafupi.

Sobo ndi juwisi vuto lake ndi shuga, akathamangira m'matumbo mumayamba thukuta, mtima kugunda, kupotokola ndi kutsegula m'mimba. Zimachitika kwambiri kwa amene anapanga opaleshoni ina yochepetsa thupi yotchedwa bypass koma a sleeve nawo zimawapeza. Thanzi amathandiza, paketi imodzi mu lita imodzi n'kumamwa pang'onopang'ono, koma poti muli kashuga ndi mchere afunseni kaye adokotala anuwo. Khofi wathu wa Mzuzu uyu adikire kaye. Ngati anakulolani zamkaka, mkaka wopanda mafuta ambiri, chambiko kapena yogati wopanda shuga zikuthandizani pa puloteni, ambiri amauzidwa magalamu 60 kapena kuposa patsiku, kungoti ena mkaka umayamba kuwatsegula m'mimba. Mukadzayamba zakudya zofewa musamamwe pamodzi ndi chakudya, pazidutsa mphindi 30.

Pa ululu osagula Brufen, diclofenac kapena Indocid pagolosale, amayambitsa zilonda m'chifu. Ndipo izi musazengereze nazo ngakhale ndi pakati pausiku: mtima kugunda kupitirira 120 pa mphindi muli chikhalire, kutentha thupi, m'mimba kupweteka kwambiri kapena ululu ukukwera paphewa lakumanzere, kubanika, kusanza chilichonse chomwe mwamwa, mwendo umodzi kutupa. Chomalizachi ndikunena dala poti mwakhala maola ambiri mundege kuphatikiza msewu wonse wa Lilongwe kudutsa Chikangawa, magazi amatha kuundana m'mitsempha. Zikatero thamangirani ku chipatala cha Mzuzu Central ndi mapepala anu onse a ku India m'manja. Muziyendayenda pakhomo, osangofunda bulangete tsiku lonse.

Mjomba_Zolozolo:
Ine sindinapangepo koma akazi anga anapanga chaka chatha. Langizo langa lipite kwa abambo akunyumbako: bwana masabata ano kanyenya muzidyera konko komwe mwagula, osabwera naye m'nyumba. Ine ndinalakwitsa tsiku lina kukazinga usipa iwo ali ndi kakapu kawo m'manja, sanandilankhule mpaka mawa lake madzulo.

NyaChibavi:
Yewo chomene nonse. Anti, ndayamba za nyemba zija kuyambira 7 koloko, pano ndi 2 ndipo m'mbale muli 24, ofunda akutsikadi bwino kusiyana ndi apampope. Anesi munalasa, HCT ndimamwabe m'mawa uliwonse, ndawalembera adokotala pa WhatsApp ayankha kuti ndiime kaye mpaka ndikayezetse BP mawa. Apongozi apita okha kumsika kukasaka nkhuku yachikuda, akuti za chizungu zilibe msuzi. Thobwa lija amaliza ana. Mjomba uthenga wanu ndawawerengetsa eni ake, angoti ndamva.