Mwera uja ndauzolowera, zikomo

Zikomo nonse amene munandiyankha nditadandaula kuti mwera umandiulutsira mapepala ndikamajambula pagombe ku Senga Bay. Ndinatsatira malangizo opanikiza pepala pathabwa ndi mapegi oyanikira zovala, mbali zonse zinayi. Pepala silinauluke ngakhale kamodzi.

Zopachika thumba la miyala pa choimikira thabwa sizinandithandize kwenikweni, thabwalo limakoka mphepo ngati thanga. Ndimangoliika pamiyendo, n'kukhala kuseri kwa bwato limene asodzi akokera kumtunda.

Amene mukupita kunyanja pakati pa Meyi ndi Ogasiti, penti wamafuta musiyeni kunyumba: mchenga ukamatirira suchokanso. Wamadzi amauma msanga pamphepo, choncho sakanizani wokwanira musanagwire burashi, makamaka wopentera thambo.