Kodi mumatani luso lopanga nyimbo likauma pa nthawi ya chisoni?

Wa pa Chitakale:
Ndili ndi situdiyo yaing'ono pa Chitakale, m'boma la Mulanje, momwe ndimapanga mabiti pa pulogalamu ya pa kompyuta yopangira nyimbo ya FL Studio komanso kujambula makwaya ndi oimba achinyamata. Mayi anga anatisiya atadwala nthawi yaitali, ndipo amene ndinkawadwazika ndine. Chibwerereni ku maliro, ndikayatsa kompyuta ndimangoyang'ana, ndipo chilichonse chimene ndayamba ndimachifufuta chisanafike pa kolasi chifukwa chimamveka chopanda moyo. Pali oimba amene analipira kale ndipo akudikira nyimbo zawo. Inu amene munadutsamo m'zotere, munatani kuti mubwerere pa ntchito?

Mkulu wa pa Luchenza:
Pepani kwambiri ndi zovutazi, achimwene. Langizo langa ndi lakuti musiyanitse kupeka ndi ntchito ya manja, pakuti zinthu ziwirizi sizifuna mphamvu zofanana. Kupeka kumafuna mtima womasuka, pomwe kudula mawu ojambulidwa kale, kuchotsa phokoso, kulinganiza mawu a oimba ndi kusanja mafayilo zimatheka ngakhale mtima uli wolemera. Namondwe wa Freddy atasakaza kuno mu Malichi 2023, ine ndinatha nyengo yonse osapeka kanthu, koma ndinkakonza nyimbo za makwaya zimene ndinajambula kale, ndipo zala sizinaiwale ntchito. Mukafuna kuyesa biti yatsopano, dzichepetsereni zida: ng'oma, besi ndi piyano basi. Mapulogalamu athuwa ali ndi mawu ochuluka kwambiri, moti munthu wotopa amathera mphamvu posankha asanaike noti ngakhale imodzi. Ndiponso lekani kufufuta. Sungani zonse mu foda imodzi, mudzaziweruze patsogolo, chifukwa khutu la munthu wolira limakana ngakhale zabwino.

Mayi wa kwaya, Bvumbwe:
Mwanawe, pepa, Mulungu akutonthoze. Ine za kompyuta sindizidziwa, koma ndaimba pa maliro ambiri, ndipo usiku wonse wa pa siwa palibe amene amapeka nyimbo yatsopano. Timaimba zakale zimene pakamwa panazolowera, ndipo n'zimene zimanyamula anamfedwa mpaka kucha. Nawenso yamba ndi nyimbo zimene mayi ako ankakonda kuimba, kaya kutchalitchi kaya kumunda. Uziimbe ndi pakamwa, uzijambule pa foni, osaganiza zogulitsa. Anthu adzakuuza kuti upeke nyimbo yokumbukira malemu, ndipo amanena ndi mtima wabwino, koma usadzikakamize, chifukwa katundu ameneyo ndi wolemera kwa munthu amene misozi isanaume.

Chinanso, iwe uli pakati pa Alhomwe, eni ake a tchopa, gule amene bungwe la UNESCO linamuika pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe mu 2014. Makolo ankavina tchopa pokondwerera zokolola, komanso popereka nsembe pambuyo pa chilala kapena mliri, kutanthauza kuti ng'oma zake zimadziwa chimwemwe ndi mavuto omwe. Pita ukamvere ovina tchopa akamaphunzira m'midzi, kapena pa Chonde pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe mu Okutobala. Ukafuna kujambula ng'omazo, uyambe wapempha kwa eni gule.

Woimba besi, Limbuli:
Ndikugwirizana ndi akuluakulu anenawa, koma pa mfundo imodzi ndikusiyana pang'ono ndi a pa Luchenza. Ngati khutu la munthu wolira silingadalirike poweruza biti, silingadalirikenso pomaliza nyimbo ya kasitomala, choncho chilichonse chimene mwakonza muzimvetsera ndi mnzanu wa ntchito musanachipereke. Koma chimene chikukumangani kwambiri, mmene ndikuonera, ndi ndalama zimene munalandira kale, pakuti ngongole imalankhula nthawi zonse munthu akakhala pa kompyuta. Aitaneni oimbawo mmodzimmodzi, muwauze zoona. Ambiri anamva za malirowo ndipo adzadikira, ndipo amene ali ndi changu mungawatumize kwa mnzanu wa situdiyo ina, n'kugawana naye malipirowo.

Ndiwonjezere mawu amene anzathu ambiri safuna kumva. Ngati tulo sitikubwera, chakudya sichikulowa, kapena mwayamba kuthawira ku mowa kuti muiwale, vutolo laposa la nyimbo. Kaonaneni ndi achipatala, kapena mufotokozere abusa ngakhale wachibale amene mumamukhulupirira, chifukwa matenda a nkhawa ali ndi chithandizo.

Wa pa Chitakale:
Zikomo kwambiri nonse. Tulo tikuvutadi, ndipo nkhaniyi ndikambirana ndi amalume kuti tipitire limodzi kuchipatala. Oimba aja ndiyamba kuwaimbira mawa. A pa Luchenza, kodi mungalole kundimalizira nyimbo za kwaya imodzi imene ikufuna kukhazikitsa chimbale chake mwezi wamawa? Mawu onse ndinajambula kale, chatsala ndi kulinganiza kokha.