Thandizeni anzanga, malamulo a matsenga mu komiki yanga akuwombana ndipo issue 2 inatuluka kale

Wamakomiki_Ndirande:
Anzanga ndathedwa nzeru, ndili pa issue 6 wojambula akudikira script pofika Lachisanu koma lore (mbiri ndi malamulo a dziko la m'nkhani) yawombana. Mwachidule dziko lake ndi lopeka, ndinalitcha Ntandaza, pakati pake pali phiri la Chigonamitambo ndipo kunsi kwa phirilo kwagona chinjoka, Napolo. Amene ali ndi mphamvu ndi a Osungaphulusa, iwowa amasonkhezera moto umene sunazimepo chiyambire tsiku limene munthu anapeka moto koyamba, nthano ija mukuidziwa yoti tchire linapsa, nyama zinathawa munthu, Chauta nakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Matsenga onse amachokera m'phulusa la moto umenewo. Vuto nali. Issue 2 page 14 agogo ena akuuza mtsikana amene ndi mwini nkhani kuti chinjoka chimadzuka pokhapokha moto ukazima. Issue 4 ndinalemba kuti moto ukazima phulusa lonse limasanduka dothi wamba. Pano mu 6 ndikufuna mtsikanayo alimbane ndi chinjoka pogwiritsa ntchito phulusa lomwelo. Moto ukamayaka chinjoka chili mtulo, ukazima phulusa lilibe ntchito, nde alimbana nacho ndi chani?? Issue 2 tinasindikiza kale anthu ali nayo m'manja, PDF inazungulira pa WhatsApp, sindingasinthe. Bible yanga, buku limene ndimasungamo malamulo onse a nkhaniyi, ili pa Google Docs masamba 40 koma izi sindinazione. Zoti ndiyambirenso osandiuza pliz

Mkonzi_waku_Zomba:
Achimwene musanafike ku phulusa, chotsani dzina la Napolo. Dziko ndi lopeka, phiri ndi lopeka, chinjoka chokha mwatenga chenicheni, chifukwa chiyani? Kuno ku Zomba akuluakulu akamati Napolo akunena madzi ndi miyala zimene zinatsika m'phiri mu December 1946. Ku Phalombe akunena za March 1991. Ndiye 2023 ndi dzana lomweli, namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche n'kukwirira anthu ku Chilobwe, owerenga anu ena a ku Blantyre anaika abale awo. Mtsikana wa mu komiki akamagonjetsa Napolo ndi phulusa iwowo amva bwanji? Chitchuleni dzina lanu, kaya Mkokaphiri kaya chani.

Wamakomiki_Ndirande:
Akulu ndamva koma dzinalo lili pa cover ya issue 1 mpaka 5, funso langa ndi la moto

Madala_aZisudzo:
Mwana wanga khazika mtima pansi, izi zimachitikira aliyense amene walemba nkhani yaitali. Ine ndalemba masewero a pa wailesi zaka zambiri nthawi imene kunalibe ma Google Docs anuwa, timalemba m'makope a hardcover ndipo kope lina linanyowa denga litadontha, zolemba zonse za mabanja a anthu a m'sewero zinafufutika. Ndinapatsa munthu wina mchimwene pamene miyezi isanu m'mbuyomo anali atalira pa wailesi kuti anabadwa yekha. Makalata anabwera, omvera saiwala ayi, mayi wina wa ku Mchinji analemba masamba awiri athunthu. Tinachita kukhala pansi ndi wotsogolera sewero usiku, mapeto ake tinanena kuti mchimweneyo ndi wa bambo mmodzi mayi wina, anabisidwa, ndipo gawo limenelo ndi limene anthu analikonda kuposa onse.

Tsopano ndikufunse, mawu a pa page 14 wanena ndani? Iweyo mlembi mu kabokosi kofotokoza nkhani, kapena agogo ndi pakamwa pawo? Ngati ndi agogo ulibe mlandu. Agogo amanena zimene anamva kwa agogo awo. Pita ku Nsanje ukafunse za Mbona, onse akuuza kuti mutu wake uli ku Khulubvi, koma ukafunsa amene anamutumira adani ena ati ndi Mlauli malume wake, ena ati ndi Lundu, ndipo palibe amene amati nthano yawonongeka. Nthano ya dziko imakhala ndi pakamwa pambiri. Inu achinyamata mumalakwitsa pofuna kuti munthu aliyense wa m'dziko lanu adziwe malamulo ofanana ngati analoweza buku limodzi la sukulu.

Wamakomiki_Ndirande:
Ndi agogo anayankhula madala, mu speech bubble. Koma ndikaopa owerenga ati ndabera

Madala_aZisudzo:
Ati wabera ukangotulukira nazo mwadzidzidzi. Ika munthu wa mudzi wa kuseri kwa phiri amene kwawo amakamba mosiyana, atsutsane ndi mtsikanayo chinjoka chisanadzuke. Koma uchite kamodzi kokha. Ukazolowera kuti lamulo lililonse likakuthina umati agogo analakwitsa, owerenga asiya kukhulupirira chilichonse.

Wamagemu_Area25:
Man ine ndikuona ngati mwakhala pa golide simukudziwa. Mphamvu imatha nthawi yomweyo imene mdani wadzuka, ku magemu timachita kufunafuna zoterozo. Njira ilipo yosaphwanya page 14 kapena issue 4. Kumudzi moto ukazima m'nyumba timatani, si timakapala kwa aneba ndi phale? Mtsikanayo apale khala limodzi asanathawe. Moto wa pa malo ake wazima, chinjoka chadzuka, koma khala lili moyo m'phale ndiye phulusa likugwirabe ntchito mofooka, ndipo nthawi yake ndi yomwe khalalo lingakhale lisanazilale. Mvula ikugwa, akuthamanga ataliphimba ndi chitenje, akuuzira, panel (kabokosi ka chithunzi) iliyonse khala likuchepa. Wojambula wanu asangalala nazo zimenezo.

Za bible, masamba 40 a ndime zokhazokha simungaone kuwombana. Ine lamulo lililonse ndimaliika mzere wake pa sheet: lamulo, mtengo wake, analinena ndani, pa tsamba liti, ndi loona kapena ndi chikhulupiriro chabe cha anthu a m'nkhani. Column yomalizayo ndi imene imapulumutsa. App yolembera manotsi ya Obsidian ndi bho chifukwa imagwira popanda bundle ndipo mukalemba dzina la phulusa imakuonetsani paliponse pamene munalitchula. World Anvil, website yosungirapo lore, ndinayesa koma imafuna intaneti nthawi zonse.

Mkonzi_waku_Zomba:
Za khalazo ndi zabwino koma sizikuchotsa vuto la dzina. Mukapitiriza ndi Napolo mwamangidwa ndi zimene anthu amadziwa kale za iye: amayenda pansi pa nthaka kuchoka kuphiri kupita kunyanja, sagonjetsedwa ndi munthu, amangodutsa. Wanuyu amadzutsidwa ndi kuzima kwa moto, ndi cholengedwa china chimenecho. Mwabwereka dzina lokha.

Asisi_Olemba:
Ine ndikufuna ndikambe za mtengo wa matsenga chifukwa a Area25 atchula. Achimwene mu issue 3 munalemba kuti phulusa limafuna "chizimba" kuti ligwire ndipo simunanene kuti chizimbacho n'chiyani. Chonde chonde chisakhale chiwalo cha munthu, ngakhale tsitsi kapena chikhadabo. Abale athu achialubino aphedwa m'dziko muno, manda afukulidwa, chifukwa cha bodza loti mafupa awo amalemeretsa. Nkhani yosonyeza kuti chiwalo cha munthu chimaperekadi mphamvu, ngakhale wochitayo akhale woipa wa m'nkhani, ikuthirira bodza lomwelo. Ine ndinachotsa mutu wathunthu m'buku langa pa chifukwa chimenechi, ndinali nditaulemba miyezi iwiri ndipo unali wabwino, koma nditauwerengera mnzanga amene mwana wake ndi wachialubino anangoti zii osayankha, ndinadziwa.

Chimodzimodzi zopopa magazi. 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe, Thyolo mpaka mu Blantyre, anthu osalakwa. Ndiponso nkhalamba ya m'nkhani isamangokhala mfiti nthawi zonse, agogo athu akugendedwa kumidzi ndi zomwezi, ndipo Witchcraft Act ya 1911 ikadalipo, kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu.

Mtengo wabwino tili nawo kale kwathu kuno, za kutentha ndi kuzizira. Munthu wotentha sathira mchere m'ndiwo, sagwira khanda lisanatengedwe kumphasa, akaphwanya wina amadwala mdulo. Taonani kukoma kwake, wolakwa ndi wina wodwala ndi wina. Osungaphulusa anu akhale anthu oyenera kukhala ozizira masiku onse kuti agwire phulusa, ndipo mtsikana wanu akaphonya mwambo avutike ndi mng'ono wake. Matsenga a m'nthano zathu amayendera zoletsa. Ku Sapitwa amati ukapeza chakudya chokonzedwa kale idya wekha osaitana mnzako. Ukakumana ndi kafula n'kukufunsa kuti mwandionera pati umayankha kuti ndakuonerani kutali uko. Palibe mita yoyezera mphamvu, pali chimene suyenera kuchita basi.

Wamakomiki_Ndirande:
Asisi chizimba chake ndimaganiza dzira la kadzidzi, za ziwalo ayi ndithu. Za kuzizira ndazikonda koma komikiyi amawerenganso ana a sekondale nde ndizifotokoza bwanji

Asisi_Olemba:
Osafotokoza zonse. Nenani kuti sadya za mchere, sagona m'mudzi, sapita kumaliro. Wamkulu amva yekha.

Wojambula_Dedza:
Poti mwayamba zochenjezana nanenso ndiikepo. Ndinaona ma character sheet (zithunzi za maonekedwe) a Osungaphulusa amene munaponya mwezi watha, zovala za masanza ndi nthenga kumutu, nkhope zophimba. Aise zija ndi gule, aliyense wa chigawo chapakati aona kapoli pamenepo. Ine kwathu ndi konkuno ndipo ndikuuzani za gule si zotola ngati nsalu ya pa msika. UNESCO inamulemekeza mu 2005 inde, zithunzi zili paliponse, ku Mua ku Chamare Museum zigoba zilipo zambirimbiri zoti munthu akaone, koma kuona ndi kwina kujambula chilombo chikuvula nkhope n'kuoneka munthu mkati ndi kwina. Mnzanga wina anajambula zoterozo pa poster ya sewero, nkhani inakafika kwa amfumu, anakalipira nkhuku ndi ndalama ndipo ma poster onse anang'ambidwa, ndalama ya printing inapita. Ngati mukufuna maonekedwe akale amene sakupalamulitsani pitani ku Chongoni mukaone zojambula za pa miyala, zofiira zija za mizere ndi madontho zimene amati ndi za Akafula, mutengeko kalembedwe ka zizindikiro za pa mphika wa phulusa. Nkhope muwapake phulusa basi, dzina lawo likutero kale.

Mkonzi_waku_Zomba:
Mwaona? A Dedza akunena zomwe ndikunena ine. Cha eni ndi cha eni. Gule ali ndi eni, Napolo nayenso ali ndi anthu amene anawalira abale. Mu issue 6 momwemo mukhoza kulemba kuti anthu a kuseri kwa phiri aja a Madala anena amachitchula Mkokaphiri, kenako pang'onopang'ono dzina lakalelo lizilala, pofika issue 8 palibe akulifunsa.

Wamagemu_Area25:
Akulu a ku Zomba apa nde sindikugwirizana nanu. Azungu amalemba za milungu ya m'nthano zawo, Thor ndi Zeus, tsiku ndi tsiku, anzathu a ku Nigeria akupanga makomiki a Sango, mulungu wa mphezi wa Ayoruba, ife tokha tiziopa zathu mpaka liti? Mwana wa ku Area 25 amadziwa zinjoka za m'mafilimu akunja koma Thunga wa ku Msinja kwa Makewana sanamumvepo. Tikabisa maina onse adzawadziwira kuti?

Mkonzi_waku_Zomba:
Thor sanakokolole nyumba ya munthu chaka cha 2023. Sinthani dzina.

Madala_aZisudzo:
Nonse muli ndi mfundo koma mwanayu ali ndi Lachisanu. Ine chimene ndimaopa pa anyamata a lore ndi china, mumamanga dziko zaka zitatu, mapu, mibadwo ya mafumu khumi ndi awiri, ndalama zawo, chilankhulo chawo, nkhani yeniyeni osatuluka. Ndinali ndi mnyamata wina waluso kwambiri amene anandibweretsera makope anayi a mbiri ya dziko lake, mitsinje yonse ili ndi maina, nditamufunsa kuti munthu wako akufuna chiyani m'gawo loyamba anasowa chonena. Anapita ku Joni, makope aja ali kwa ine mpaka lero, ndimawasunga bwino mwina adzabwera. Iweyo wafika issue 6, usaime chifukwa cha page imodzi.

Wojambula_Dedza:
Komanso mukasankha za khala zija muuzeni wojambula msanga, ngati mkati muli black and white khala lofiira silioneka, afunika kusewera ndi mdima wambiri kuzungulira phale ndipo inki yochuluka choncho pa pepala la bond imadutsa kuseri. Ife tinaonongapo makope ambiri ndi zimenezi, masamba ausiku onse anatuluka ngati matope. Pemphani proof, kope loyesera, imodzi kaye musanalipire zonse.

Asisi_Olemba:
Inu mumasindikiza pa pepala lanji a Dedza? Pepala lopyapyala la 80gsm landikhumudwitsa kawiri

Wojambula_Dedza:
Mkati 100gsm ikapezeka, cover 250. Koma mitengo ikusintha sabata iliyonse asisi, quotation ya lero mawa ndi ina

Wamagemu_Area25:
A Ndirande zinatha bwanji, mwapita ndi khala kapena za agogo?

Mkonzi_waku_Zomba:
Ndipo dzina mwasintha?

Wojambula_Dedza:
Pali amene ali ndi font ya lettering yokhala ndi ŵ? Yanga mu pulogalamu yojambulira ya Clip Studio ikungoika kabokosi, ndakhala ndikujambula kadenga kake pamanja bubble iliyonse